Nyerere za m'velemoti

Chaka chimene azakhali anga anatcheza kachasu wabuluu mvula inachedwa, ndipo mitima ya anthu inali kale pakufunafuna womuloza chala. Ndinali mnyamata wa Fomu 2, ndili patchuthi, ntchito yanga ili yotunga madzi ozizira n'kumathira m'kabwato momwe mpaipi umadutsa. Amene anakhalapo pamalo otchezera akuudziwa m'mawa wotere. Mbiya yakhala pamafuwa, kukamwa kwake kwamatidwa ndi phala la madeya kuti nthunzi isathawe, zitsa zikunyeka mosapupuluma, ndipo kunsonga ya mpaipi velemoti yayasama kudikira dontho loyamba. Dontho linagwa, lina n'kutsatira. Mowa utangokwera pang'ono, azakhali anachotsa botolo lija, naliimika padzuwa, n'kukhala duu.

"Iwe, tabwera kuno. Ukuona chiyani umu?"

"Buluu, azakhali."

"Ndimayesa ndi maso angawa."

Unali buluu weniweni, ngati madzi amene atsukuluziramo malaya a sukulu. Dzuwa lisanafike pamutu mudzi unali utazenga kale mlandu. Wina anati pali mnzawo wa nsanje amene wapondapo usiku. Wina anatchula ndulu ya ng'ona motsitsa mawu. Koma amene anatseka nkhani anali mkulu wina, kasitomala wakalekale, yemwe analoza ndi mlomo mpaipi watsopano wa mkuwa umene mwana wa azakhali, msuweni wanga, anabwera nawo kuchokera kutauni m'malo mwa chitsulo cha njinga chimene chinatumikira zaka zambiri. Mpaipiwo unali wofiira psuu, wonyezimira, woti akudutsa ankaima kuusirira. Mkuluyo anangoti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Onse anagwedeza mitu. Mwambi ukalowa pabwalo, mboni zimapinda mikeka.

Mwambi umenewu ndi wa m'kamwa mwa aliyense. Amauuza mnyamata amene wapenga ndi nkhope, amauuza wogula galimoto yopakidwa penti dzulo, amauuza amene wanyamula foni yowala pamsika n'kukapeza kunyumba kuti batire lake silifika masana. Mphamvu yake ili poti aliyense anang'ambapo nkhuyu. Ukaitola pansi pa mtengo, yofiirira, yofewa, yonunkhira, malovu amadzaza m'kamwa, koma ukaiphwanya ndi zala tizilombo timabalalika. Palibe mwana amene amafuna kuphunzitsidwa kawiri. Tsiku lija nane ndinagwedeza mutu, ndipo zinanditengera zaka kuti ndizindikire kuti pabwalo paja tinamanga mboni, wakuba akuonerera.

Zimene zinachitika m'mbiya ija ndi zodziwika kwa amene anaphunzira za mankhwala. Mowa wotchezera ukamachedwa kuwira, makamaka nyengo yozizira, pali anthu amene amaponyamo feteleza wa yureya kuti yisiti ipeze chakudya, thovu likwere msanga. Feteleza akachuluka, wotsalayo amasweka n'kutulutsa amoniya, mpweya uja umatsamwitsa m'khola la mbuzi kapena pamalo pamene pagona mkodzo. Moto ukayaka, amoniya amakwera limodzi ndi nthunzi. Akakumana ndi mkuwa amaunyambita, ndipo ziwirizi zikagwirana zimabala mtundu wa buluu wakuya umene mwana aliyense wochita sayansi kusekondale amauona m'kagalasi koyesera. Mpaipi uja sunabwere ndi poizoni kuchokera kutauni. Unangoulula zimene zinali kale m'mbiya. Chitsulo cha njinga chikanakhala chete.

Ndipotu mkuwa uli ndi mbiri yabwino pantchito imeneyi. Ku Scotland, komwe whisky ndi chuma cha dziko, miphika yotchezera ndi ya mkuwa, osati chifukwa chokonda zonyezimira ayi. Mowa ukamawira umabala timpweya ta salufa tonunkha ngati dzira lovunda kapena kabichi wopsereza, ndipo mkuwa umatigwira, n'kutisandutsa mwaye wakuda umene umamatirira m'kati mwa mpaipi. Tizinyalala takuda timene nthawi zina timagwera m'botolo kawirikawiri ndi mwaye womwewo, umboni woti mkuwa wagwira ntchito yake ndipo ukufuna kutsukidwa. Nako ku Brazil, kwawo kwa cachaça, dzina limene anthu ambiri amati ndilo linabala liwu lathu loti kachasu kudzera mwa Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi, amatchezera mu mkuwa womwewo. Koma kumeneko lamulo linaika malire: mkuwa usapitirire mamiligalamu 5 pa lita imodzi ya mowa. Amaudziwa ubwino wake, amaudziwanso msinkhu umene umayamba kuluma.

Apa ndi pamene ndinayamba kubwerera kumtengo wa mkuyu ndi mafunso. Kodi tizilombo timene timabalalika mu nkhuyu tonse ndi nyerere? Zina ndi nyereredi, zobwera kudzaba shuga chipatso chikagwa. Koma tambiri ndi timavu ting'onoting'ono, tochepa kuposa njere ya mpunga. Mkuyu suonetsa maluwa kunja. Maluwa ake ali m'kati mwa chipatso, ndipo kamavu kakakazi kamalowa pakabowo ka kunsonga katanyamula mungu, n'kuikira mazira momwemo. Ana ake amaswa m'katimo, aamuna opanda mapiko, ooneka ngati tinyerere tofooka. Popanda timavu timeneti mkuyu sungabereke mbewu. Ndiye kuti chimene makolo anachitcha chinyengo cha nkhuyu, mbali ina ndi moyo wake. Sindikunena kuti makolo analakwa. Iwo ankalankhula ngati anthu ofuna kudya, ndipo wofuna kudya sasamala za mungu. Koma mwambi ukatiphunzitsa kuti chilichonse choyenda m'kati ndi mdani, umatiphonyetsa kusiyanitsa wakuba ndi wamthenga.

M'botolo la kachasu amithenga ndi ambiri, ndipo aliyense ali ndi chilankhulo chake. Mtundu wobiriwira, wonga uja unkamera pa tambala yofiira ikagona m'dothi, umatuluka mowa wotchezera ukawawasa mpaka kusanduka viniga, kapena mpaipi ukasiyidwa wonyowa masabata angapo. Asidi amadya mkuwa n'kusiya ndere imene alimi a tomato angaizindikire, poti ndi mbale wake wa kopa amene amapopera m'dimba. Zimenezo sizomwa. Zimapotokola m'mimba, zimasanzitsa, ndipo zikamalowa tsiku ndi tsiku chiwindi chimatopa. Mtundu wa dzimbiri umanena za chitsulo chimene chayamba kudyeka. Azakhali anachita bwino kusagulitsa botolo lawo labuluu, ngakhale chifukwa chimene anali nacho chinali cholakwika.

Koma wamthenga amene amazunguza anthu kwambiri ndi mbuu. Kachasu atuluke woyera mbee, munthu athiremo madzi kuti achepe ukali, kenako botolo lonse lichite mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Ogula amabweza, ena amayamba kunong'ona. Chonsecho nkhani yake ndi yaing'ono. M'mowa muli timafuta timene yisiti imapanga, ndipo timachuluka cha kumapeto kwa kutcheza, mbiya ikayamba kutopa. Timafuta timeneti timasungunuka bwino m'mowa waukali, koma madzi akachuluka timasowa pogwira, n'kusonkhana m'timadontho tosawerengeka timene timatchinga kuwala. Opanga whisky amadziwa kuti ukali ukatsika kuchepera magawo 46 pa 100 alionse chifunga chotere chimayamba, makamaka kukazizira. Choncho ambiri amaziziritsa mowa wawo n'kuusefa usanalowe m'botolo, kuti wogula asakwinye nkhope basi. Alipo ena amene amakana kusefa, amati kusefako kumachotsa kukoma. Ku Greece ndiye amachita kunyadira: mowa wawo wa ouzo ukathiridwa madzi umasanduka ngati mkaka, ndipo ukapanda kutero womwa amadandaula. Chimene kwathu chingathawitse kasitomala, kwina ndi chidindo.

Palinso nsenga zoyera zimene zimadikha pansi pa botolo pakapita masiku awiri kapena atatu. Kawirikawiri zimenezo ndi za pamjigo. Madzi ena a pansi ali ndi laimu wambiri, yemwe uja amachita nkhoko zoyera m'ketulo ndi kukaniza sopo kuchita thovu. Laimuyo amakhala bwino m'madzi, koma mowa samugwira, choncho amagwa pansi ngati ufa. Ndi wosaoneka bwino, koma ndi yemweyo timamwa tsiku lililonse m'kapu ya madzi. Mbuu wina ndiye wokayikitsa, uja amabwera mowa waukali ukagona m'chigubu cha pulasitiki kapena ukadutsa wotentha m'paipi ya labala, poti pamenepo mowa wasungunula zina za chigubucho. Ndipo zigubu zathu, tinene zoona, zambiri zinayamba zasungapo zinthu zina zisanakumane ndi kachasu.

Zonsezi diso limaziona. Vuto la mwambi wathu lili pa zimene diso siliona. Mwambi umatilonjeza mwakachetechete kuti nkhuyu ing'ambika, kuti wochenjera akaphwanya ndi zala choonadi chidzabalalika poyera. Velemoti siing'ambika. Ungaiimike padzuwa, ungaigwedeze kuti uone mikanda ya thovu, unganunkhize, ndipo imene ili ndi imfa idzaoneka chimodzimodzi ndi inzake.

Taganizani za methanol. Ndi woyera ngati madzi, fungo lake silisiyana kwenikweni ndi la mowa wamba, ndipo amaledzeretsa. Pang'ono amabadwa yekha mowa ukamawira, makamaka wa zipatso, chifukwa amachokera ku ulimbo wa m'makoko ndi m'minofu ya chipatso. Kachasu wa masau amakhala naye wochulukirapo kuposa wa madeya ndi shuga. Anthu ena ophunzira amadzitonthoza ndi manambala: methanol amawira pa madigiri 65, mowa womwa pa 78, madzi pa 100, ndiye akuti ukataya madontho oyamba wathana naye. M'mbiya sizimayenda mwa ndondomeko choncho. Methanol amakonda madzi, amawakakamira, ndipo amatuluka pang'onopang'ono kuyambira dontho loyamba mpaka lomaliza. Chimene chimaluma mphuno m'madontho oyamba, fungo lija longa la mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, ndi zinthu zina zopepuka zimene zimadzetsa litsipa. N'zoseketsa pang'ono kuti zimene otcheza a kwina amataya, kwathu kuno ndiwo mutu, nambala wani, wa mtengo wokwera, womwera akuluakulu.

Komabe maliro a anthu ambirimbiri sachokera ku methanol wobadwa m'mbiya. Amachokera ku dzanja la munthu amene wagula sipiriti wa m'mafakitale motchipa n'kuthira m'mowa kuti uchuluke ndi kukalipa. Ku Nairobi mu Novembala 2000 anthu oposa 100 anafa atamwa chang'aa wotere, kachasu wa kumeneko, ndipo ena ambiri anachita khungu. Ku Kabale, m'dziko la Uganda, mu Epulo 2010 anafa anthu pafupifupi 80 ndi kachasu wawo wotchedwa waragi. Mowa umene unawapha sunali wabuluu, sunali wa mbuu. Mamililita 10 okha a methanol, osadzaza n'komwe supuni yodyera, angathe kuzimitsa maso a munthu, ndipo 30 angathe kumupha.

Tsono tamverani pamene mwambi umabwerera mwa njira imene mkulu uja sakanailota. Methanol payekha si amene amapha. Akalowa m'thupi, chiwindi chimamugaya n'kumusandutsa asidi wotchedwa formic. Dzinali linachokera ku liwu la Chilatini loti formica, kutanthauza nyerere, chifukwa asidi ameneyu ndi amene mitundu ina ya nyerere imalavula podziteteza, ndipo anthu anayamba kumupeza potcheza nyerere zenizeni m'mphika, monga analembera John Ray wa ku England mu 1671. Asidi wa nyerereyu ndi amene amawononga mtsempha wa maso ndi kuwawasitsa magazi. Ndiye inde, m'kati muli nyerere. Koma sizili m'botolo moti n'kuziona. Zimakaswa m'mimba mwa womwa, patapita maola 12 kapena 24, iye atadzuka kale n'kumati ndi matsire chabe. Amayamba kuona ngati kwagwa chifunga, m'mimba mumapota, mpweya umathamanga. Abale amati agone, ziphwa. Maola amene akugonawo ndi omwe achipatala akanamupulumutsira, ndipo amodzi mwa mankhwala amene amagwiritsa ntchito ndi mowa weniweni woyezedwa bwino, umene umatangwanitsa chiwindi kuti chisiye kugaya methanol. Ukazimva koyamba umayesa nthabwala za pa bawo.

Mtovu nawo suoneka. Kumwera kwa America otcheza mowa wa m'tchire ankakonda kuziziritsira nthunzi m'maredieta a galimoto zakale, omwe mfundo zake zinali zowotcherera ndi mtovu, ndipo madokotala kumeneko analemba za odwala ambiri a impso, a m'mimba ndi a mitsempha amene anawapeza ndi mtovu m'magazi. Omwa anali ndi muyeso wawo: ankayatsa mowa pa supuni, lawi likakhala labuluu ati uli bwino, likafiira ati muli mtovu. Muyesowo unali wabodza. Kwathunso timathira kachasu pamoto kapena kuviika chala n'kuyatsa, lawi likalilima tonse n'kuvomereza kuti ndi weniweni. Lawi limangonena kuti mowa ndi waukali. Methanol nayenso amayaka, ndipo lawi lake ndi loyera bwino kuposa la mowa. Nayenso yureya uja, kupatula amoniya amene anadziulula mwa buluu, ali ndi mwana wina wachete: akakumana ndi mowa pamoto amabala ethyl carbamate, amene akatswiri a khansa amamuika m'gulu la zinthu zokayikiridwa kwambiri, ndipo dziko la Canada linamuikira malire m'zakumwa mu 1985. Alibe mtundu, alibe nsenga. Ena amati tsoka silinunkha, ndipo pa nkhani ino mwambi umenewo ndi umene uli pafupi ndi choonadi.

Pamene diso lalephera, mtima umathamangira ku ndulu ya ng'ona. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu anamwa mowa wa chimanga pochokera kumaliro, ndipo 75 anafa, ena oposa 150 n'kudwala. Sunali kachasu, unali mowa wophika, koma nkhani yake ndi ya banja lomweli. Mphekesera yoyamba, imene inafika mpaka m'manyuzipepala a kunja, inali ya ndulu ya ng'ona. Mayi amene anafulula mowawo anali m'gulu la omwalira. Patapita miyezi, zoyesa za m'labotale zinapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi kachilombo ka Burkholderia gladioli kamene kanamera mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi madzi osefukira. Panalibe mfiti, panalibe ng'ona. Panali thumba la ufa limene wina anaona kuti n'lowawa kulitaya. Mwambi wa mkuyu umatiphunzitsa kukayika, ndipo kukayika n'kwabwino, koma sutiuza kokayikira. Kukayika kopanda muyeso kumagwera pa amene ali pafupi: mkazi wamasiye, mnansi wolimbana naye malire, mpaipi wonyezimira.

Chong'ambira velemoti chilipo, kungoti sichili m'manja mwa amene akuchifuna. Makina a m'labotale amatha kuwerenga methanol, mkuwa ndi mtovu m'kadontho kochepa. Koma mayi wa kumudzi amene kachasu ndiye fizi ya ana ake, ndiye sopo, ndiye thumba la feteleza, sanganyamule botolo kupita nalo ku Malawi Bureau of Standards kukafunsa chimene chasanduka buluu. Ntchito yake ndi yochitira kuseri kwa nyumba, ndipo wochitira kuseri safunsa mafunso pabwalo. Kenya inayesa njira ina mu 2010, pamene inaloleza chang'aa mwa lamulo n'kulamula kuti azigulitsidwa m'mabotolo agalasi, wopangidwa motsata miyezo. Imfa sizinatheretu, poti wosauka amatsatabe chotchipa, ndipo wothira sipiriti sanapite patchuthi. Ine sindiimba m'manja kachasu. Ndaona amuna amene anawatha, matupi kutupa, minda kugonera. Koma ndaonanso kuti kutseka maso sikunaphwetse mbiya ngakhale imodzi, kwangochititsa kuti nzeru zonse za ntchitoyi zikhale za mphekesera.

Azakhali anakhuthulira mowa wonse wa tsiku lija kudzala, kupatula velemoti yoyamba ija imene anaiika pamwamba pa khoma, kuseri kwa nsengwa, kaya pofuna umboni kaya poopa kuitaya. Patapita milungu buluu uja anatha mphamvu, pansi pa botolo n'kudikha kaufa kotuwa mobiriwira. Mpaipi wa mkuwa anaugulitsa kwa wokhoma zidebe, chitsulo cha njinga chinabwerera m'kabwato, ndipo kachasu anayambanso kutuluka woyera mbee. Makasitomala anabwerera. Mkulu uja ankati akaimika kapu padzuwa amamwetulira, n'kunena kuti zakale sizinama.

Msuweni wanga anadzandiuza zoona zake patapita zaka zambiri, tili pa maliro a azakhali omwewo, usiku, titakhala pa chitsa kuseri kwa siwa. Anati sabata imene ija kunkazizira, mowa sunkawira, ndipo iye ankafuna ndalama ya basi yobwererera kutauni. Anatapa yureya m'thumba la kumunda, manja awiri odzaza, mayi ake ali kudambo.

"Ndiye utaona buluu uja unasiya?" ndinamufunsa.

Anaseka pang'ono, nasonkhezera chikuni ndi phazi.

"Kusiya ayi, achimwene. Ndinangochepetsa."